Kupita ku Morogoro kudzera ku Malawi: yankho kwa mphwanga wa kuno ku Chipata

Sabata yatha mnyamata wina wa kuno kwathu ananditumizira imelo. Dzina lake ndisunga. Analemba motere: "Amalume, ndapeza malo ku Sokoine University of Agriculture ku Morogoro, m'dziko la Tanzania. Kwatsala masabata awiri kuti sukulu itsegulidwe. Ine ndikufuna kudzera ku Malawi kuti ndikaoneko nyanja, koma amayi akuti ndipite ku Lusaka ndikakwere basi ya ku Nakonde, ndisamwaze ndalama. Ndimvere ndani?"

Mphwanga, amayi usawanyoze, koma uwatengere mapu muyang'ane limodzi. Kuchoka pano kufika ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 570, kuchoka ku Lusaka kufika ku Nakonde enanso pafupifupi 1,000, ndiye kuwonjezera kamtunda kopita ku Mbeya m'Tanzania, kumene njira ziwirizi zimakumana. Ukadzera pa malire a Mwami, n'kudutsa Lilongwe, Mzuzu ndi Karonga, ufika ku Mbeya komweko usanakwanitse makilomita 1,000. Njira imene amayi akuiona ngati yosewera ndiyo yachidule. Ife a kum'mawa tinazolowera kuti chilichonse chimayambira ku Lusaka, mpaka kuiwala kuti Lilongwe ili pakhomo pathu.

Koma chimene ndikukuuzira kuti udzere ku Malawi si mtunda wokha. Njira imeneyi imakuphunzitsa ulendo pang'onopang'ono. Ku Mchinji ndi ku Lilongwe udzangomva ngati uli kwanu. Alankhula chathu, nsima ndi yomweyi, ena mwa iwo munavina nawo fumbi limodzi ku Mkaika pa Kulamba. Ukadutsa Kasungu n'kufika pa Jenda, Chitumbuka chimayamba, ndipo ngati unakhalako ku Lundazi udzatolako ndithu. Ukatsika ku Karonga, m'minibasi mudzamveka Kyangonde, iwe n'kumangomwetulira osadziwa ngati akukuseka kapena akukuyamikira. Ukaoloka mtsinje wa Songwe, malire a Malawi ndi Tanzania, basi, Chiswahili chokhachokha. Mnzako wokwera ndege zonsezi zimamugwera tsiku limodzi, mutu n'kuima. Iwe udzafika ku Morogoro utazolowera kale kufunsa njira ndi manja.

Pa Mwami usapite ndi kapepala kaja timaolokera tikamakagula zinthu ku Mchinji. Iwe ukupita kutali, ufunika pasipoti, ndipo ikhale yoti yatsala ndi miyezi yoposa 6 isanathe. Kuyambira mu Disembala 2022 maofesi a mayiko awiriwa ali malo amodzi, choncho sikuchedwa ngati kale. Mzambiya safunika viza yokachezera ku Malawi kapena ku Tanzania, komabe akadinda uyang'ane masiku amene akulembera usanachoke pawindo. Chenjeranso apa: chidindo cha mlendo si chilolezo chophunzirira. Chilolezo cha mwana wasukulu ndi china, ndipo ulembere a ku yunivesite lero lomwe akuuze mapepala ofunika. Kalata yokuitana, satifiketi zako ndi khadi yachikasu ya katemera uzijambule pafoni, zenizenizo uziike m'pulasitiki m'kachikwama kosachoka pathupi.

Za ndalama ndinene mwachidule. Kwacha yathu ndi ya ku Malawi zimangofanana dzina. Ukasintha udzalandira mpukutu wonenepa n'kudziona ngati bwana, koma ukagula chakudya kawiri mpukutuwo waphwa. Sintha zochepazochepa, uwerenge wekha, ndipo ndalama za fizi usazikhudze ngakhale nyanja ikome bwanji. Pa Songwe kwacha yotsala uisinthe kukhala shilingi, chifukwa kutsogoloko palibe adzaifune.

Mu Lilongwe usachedwemo, tauni ndi tauni. Masiku ako ukawathere kumpoto. Msewu wa M1 ukadutsa m'nkhalango ya paini ya Chikangawa kumazizira ngakhale mwezi wotentha, juzi ikhale pamwamba m'chikwama. Kuchokera ku Mzuzu tsikira ku Nkhata Bay ukagone masiku awiri. Ukakhala ndi mwayi udzaona sitima ya Ilala, imene yakhala ikuyenda panyanjapo kuyambira 1951. Ine nditaona nyanja koyamba ndinakhala pamwala mpaka dzuwa kulowa, munthu wozolowera damu la Apollo. Kusamba samba, koma m'madzi odekha a m'mabango muli likodzo, ndipo udzudzu wa kunyanja sucheza. Neti yako tenga.

Ndiye pali nkhani imene kusukulu anangotiuza mothamanga. Ngati ndiwe wa kwa Mpezeni, njira ukudzerayi ndi ya makolo ako. Zwangendaba anaoloka Zambezi mu 1835 tsiku limene kadamsana anaphimba dzuwa, n'kukwera ndi anthu ake mpaka ku Ufipa, m'dziko limene lero ndi Tanzania, kumene anamwalirira. Mtundu utagawikana, a Mpezeni anadzathera kuno, a M'mbelwa anakhazikika ku Mzimba. Ukamadutsa pa Ekwendeni n'kumva mayina ngati Jere, usadabwe. Ndi abale, ndipo ukatchula Nc'wala ya ku Mtenguleni macheza sadzatha. Ku Songea, kum'mwera kwa Tanzania, kulinso Angoni, ndipo ena udzakhala nawo m'kalasi.

Ukatsika phiri la Chiweta, ima pa Chitimba ukwere ku Livingstonia, kumene Robert Laws anakhazikitsa mishoni mu 1894. Msewu wa Gorodi wokwerera kumeneko uli ndi makhota okwana 20, wamantha atseke maso. Mathithi a Manchewe ali pafupi. Ku Karonga kuli nyumba yosungiramo zinthu zakale imene muli chinyama chakalekale chotchedwa Malawisaurus. Ndipo poti ukukaphunzira zaulimi, yang'anitsitsa minda ya mpunga wa Kilombero kumeneko, kenako nthochi ndi tiyi za ku Tukuyu ukaoloka. Ife a fodya, mtedza ndi chimanga timayesa ulimi unathera pomwepo.

Tsopano tamvera zimene zinandigwera ku Mbeya, kuti zisakugwere. Ndinagula tikiti ya basi, wogulitsa n'kundiuza kuti inyamuka "saa kumi na mbili". Ndinawerenga pa zala: kumi ndi ziwiri, 12 koloko. Ndinagona mtima uli m'malo, m'mawa n'kumwa tiyi mosathamanga. Pofika pa depoti, basi inali itapita kalekale. Aswahili amayamba kuwerenga maola dzuwa likatuluka: 7 koloko m'mawa kwa iwo ndi "saa moja", choncho "saa kumi na mbili" ndi 6 koloko. Kuwonjezera apo, nthawi ya ku Tanzania ili patsogolo ndi ola limodzi poyerekeza ndi yathu. Ndalama ya tikiti inapita, ndipo amene anandiseka kwambiri anali mayi wogulitsa mandasi. Wotchi uisinthire pa Songwe pomwepo, ndipo pogula tikiti uwapemphe akulembere nthawi m'manambala, ufunsenso kachiwiri.

Mawu ena sadzakuvuta: nyama, moto, nyumba, mbuzi n'chimodzimodzi, nsima ndiyo ugali. Koma limodzi uloweze usanaoloke. Wamkulu aliyense umupatse moni wakuti "shikamoo", iye adzayankha "marahaba". Kumeneko mwana wongoyamba ndi funso asanapereke moni amamuona ngati wosaleredwa, monganso kwathu kuno.

Kuchoka ku Mbeya kufika ku Morogoro ndi tsiku lathunthu pa basi, kudzera ku Iringa ndi phiri la Kitonga. Khala pawindo, chifukwa msewu umadutsa pakati pa Mikumi National Park, ndipo nyamalikiti ndi mbidzi zimaoneka kwaulere. Ukonze zofika kutatsala masiku atatu kapena anayi kuti kulembetsa kuyambe, upeze pogona ndi simu khadi anzako asanadzadze. Amayi uwalonjeze kuti uziwaimbira madzulo alionse, ndipo ukafika ku Nkhata Bay uwatumizire chithunzi cha nyanja. Ndikuwadziwa amayi athu, adzachionetsa mpingo wonse Lamulungu.