Kodi chinthu chozizira chingawire?

Mphunzitsi wina wa sayansi wa ku Chipoka, m'boma la Salima, wandilembera funso lomwe landikondweretsa kwambiri. Akufuna kudziwa mmene angamasulire mawu a Chingerezi akuti boil-off gas, omwe amanena za gasi amene amadzuka pamwamba pa gasi wamadzimadzi m'mathanki akuluakulu osungiramo. Akuti ophunzira ake anakana mawu oti "kuwira" ponena kuti chinthu chozizira koposa madzi oundana sichingawire.

Aphunzitsi, ana anuwo aganiza bwino, koma mawuwa awaika m'khola lopapatiza. Gasi wachilengedwe, amene mbali yake yaikulu ndi methane, amasanduka madzimadzi akamuziziritsa kufika madigiri 162 pansi pa ziro, ndipo akatero malo omwe amatenga amachepa pafupifupi ka 600. N'chifukwa chake anansi athu a ku Mozambique, omwe anayamba kugulitsa gasi wotere mu 2022 kuchokera ku Coral Sul, fakitale yoyandama panyanja ya ku Cabo Delgado, amatha kumunyamula pa sitima. Kwa gasi wozizira chotero, ngakhale mphepo ya mwezi wa June ili ngati moto. Thanki yake yapamtunda imakhala ya makoma awiri: lam'kati la chitsulo chosakaniza ndi nickel, magawo 9 pa 100 aliwonse, kuti lisaphwanyike ndi kuzizira, lakunja la konkire, ndipo pakati pake amathirapo perlite, timiyala topepuka totchinga kutentha. Komabe kutentha kumalowa pang'onopang'ono, moti m'thanki yaikulu yapamtunda malita pafupifupi 5 pa malita 10,000 aliwonse amasanduka mpweya tsiku lililonse.

Kumeneko ndi kuwira ndithu. Mneni ameneyu sanena za moto, amanena za kutakataka kwa zamadzimadzi zikamatulutsa thovu. Ndili mwana ku Nkhotakota, agogo anga aakazi ankatsegula mbiya ya mowa m'mawa n'kunena kuti "wawira", pamene moto unali utazima kalekale ndipo mbiyayo inali yozizira. Akasupe a ku Mawira, ku Nkhotakota komweko, ndi otentha, inde, koma ine sindikayika konse kuti amene anatcha dzinalo anayamba aona madzi akutumphuka pansi asanawakhudze ndi dzanja.

Pa dzina la chinthucho, chigamulo changa ndi "nthunzi ya gasi". Nthunzi ndi chimene chimadzuka pa chinthu chowira, ndipo mayi aliyense amene wavundukulapo mphika akudziwa kuti ukavindikira kwambiri, nthunziyo imakankha chivindikiro. Vuto la omanga mathanki ndi lomweli: nthunziyo ikachuluka imapanikiza makoma ndi denga, choncho amaikoka ndi makina, n'kuiziziritsanso kapena kuigwiritsa ntchito ngati mafuta, ndipo zikavuta amaiotcha pamwamba pa chumuni. Ku La Spezia, m'dziko la Italy, mu 1971 gasi wolemera ndi wopepuka amene anakhala mosanjikizana m'thanki imodzi anasakanikirana mwadzidzidzi, ndipo nthunzi yochuluka inatulukira m'mavavu otetezera ngozi.

Chimene ndikukana ndi chizolowezi chomangoti "mpweya" pa chilichonse chosaoneka. Tili kale ndi mpweya wabwino, mpweya woipa ndi mpweya wa m'tayala, ndipo mawu amodziwa atopa ndi katundu. Choipa koposa ndi zomwe ndimamva kwa achinyamata, zakuti gasi "akuchita liki", ngati kuti "kudontha" ndi "kutayika" tinawakwirira. Pano ngakhale "kudontha" n'kolakwika, pakuti thankiyo sinabooke paliponse. Amene akufuna kunena kuti gasi "akuuluka", monga timanenera za petulo wosiyidwa wosatseka, ndiwalola m'macheza, koma osati m'buku la sukulu, chifukwa chouluka chimapita osabwerera, pamene nthunzi iyi imagwidwa.

Muwachenjezenso ophunzirawo kuti gasi wophikira wa m'masilinda amene akugulitsidwa pa Salima ndi wa mtundu wina, wa propane ndi butane, yemwe amakhala wamadzimadzi chifukwa chopanikizidwa, osati chifukwa chozizira.