Musanawonjezere zaka za bondi, konzani kaye pofikira

Mayi, funso lanu ndaliwerenga. Mukuti aphunzitsi ndi ophunzira amene dipatimenti yanu imatumiza kunja kukachita Masters ndi PhD ya sayansi ndi uinjiniya ambiri sakubwerera, ndipo komiti yakupatsani ntchito yolemba maganizo a chochita. Mwatinso ena m'komitimo akufuna kuwonjezera zaka za bondi, pangano loti munthu akamaliza maphunziro adzabwerera kudzagwira ntchito kwanu, ndi kukweza chindapusa kwa amene sabwerera. Ine ndikuti bondi isiyeni momwe ilili, ndipo mphamvu zanu zonse zipite pa zaka ziwiri zoyambirira munthu akangobwera, chifukwa ndi pamenepo pomwe timataya anthu.

Sindikunena kuti bondi ndi yoipa. Ndalama zophunzitsira munthu n'zambiri, ndipo nkoyenera kuti abweze ndi ntchito. Ngakhale sikolashipu ya Chevening ya boma la Britain imafuna kuti munthu abwerere kwawo kwa zaka 2 akamaliza, ndipo a Fulbright a ku America nawonso ali ndi lamulo lofanana nalo. Koma taonani amene bondi yolemera imamugwira. Wopeza ntchito ya malipiro abwino kunja amangoitenga ngati ngongole ina, n'kumabweza pang'onopang'ono mpaka itatha. Amene imamupanikiza ndi wokhulupirika uja amene akanabwera ngakhale popanda kusayina kalikonse. Choipa kwambiri n'chakuti amene wachedwa ndi chaka chimodzi amayamba kuopa, amasiya kuyankha makalata, ndipo mwataya munthu amene akanakuthandizani ali komweko. Mbuzi mukaimangirira pamalo opanda msipu, ngakhale chingwe chikhale cholimba bwanji imangowonda.

Dziwaninso kuti mayiko amene anthu anu akuphunzirako akuwafuna ndithu. Ku America womaliza digiri ya sayansi, uinjiniya kapena masamu angathe kugwira ntchito mpaka miyezi 36 pa chilolezo cha OPT asanasowe visa ina. Ku Britain, kuyambira 2021, womaliza PhD amaloledwa kukhala zaka 3 akugwira ntchito. Pa malipiro simungapikisane nawo, ndipo musataye nthawi kulonjeza zimenezo. Mwayi wanu uli poti wasayansi samangoona malipiro. Amafunsa ngati ntchito imene waphunzira zaka zonsezi idzapitirira kapena idzafera m'kabati.

Nkhani ya Abdus Salam, katswiri wa fizikisi wa ku Pakistan, ndimaikonda chifukwa imaonetsa bwino zimenezi. Anamaliza maphunziro ake ku Cambridge n'kubwerera ku Lahore, ku Pakistan, mu 1951, ali ndi mtima wonse wofuna kutumikira kwawo. Anapeza kuti palibe wokambirana naye za fizikisi yake, magazini atsopano a kafukufuku sankafika, ndipo akuluakulu a pakoleji sankaona kafukufuku ngati ntchito. Mu 1954 anabwerera ku Cambridge. Chimene chinamuthamangitsa ndi kukhala yekhayekha. Iye sanaiwale zimenezi. Mu 1964 anayambitsa ICTP, likulu la kafukufuku wa fizikisi, ku Trieste, ku Italy, ndipo kumeneko anakhazikitsa dongosolo loti wasayansi wa m'dziko losauka akhalebe pa ntchito kwawo, koma kwa zaka zingapo azipita ku Trieste mobwerezabwereza, kwa milungu kapena miyezi, ulendo wolipiridwa, kukakumana ndi anzake ndi kumva zatsopano. Munthu amene anachoka chifukwa chosowa anzake anaona kuti njira yosungira ena kwawo ndi kuwatsegulira khomo loti azituluka n'kubwerera. Salam analandira mphoto ya Nobel mu 1979, ndipo dongosolo lija likadalipo. Ndiye mu malipoti anu mulembe kuti wobwerera azipatsidwa tchuthi cha kafukufuku chaka chilichonse popanda kumuvutitsa ndi masiginecha, ngakhale bondi isanathe. Ambiri amaopa kuti akamulola kupita sabweranso, koma amene amathawa kwenikweni ndi wotsekeredwa.

Ndinagwirapo ntchito ndi mnzanga wina amene anabwera ndi PhD ya zamoyo tating'onoting'ono, pa yunivesite ina imene sinditchula. Anzake a kunja anamupatsa makina a PCR, ochulukitsira DNA mu labu, ndipo anafika nawo ali wosangalala. Mankhwala oyendetsera makinawo amafunika kukhala ozizira nthawi zonse. Anaitanitsa, ofesi yogula zinthu inafuna makoteshoni atatu pa chinthu chimene chimagulitsidwa ndi kampani imodzi yokha, kenako katundu anakhala kwa a msonkho mpaka ayezi wa m'bokosi anasungunuka. Tsiku limene bokosilo linafika analitsegula, n'kugwira timabotolo tija, tili tofunda. Sanalankhule kanthu, anangotiika pa tebulo n'kupita kukaphunzitsa kalasi ya chaka choyamba yodzaza mpaka pakhomo. Mwezi wotsatira magetsi anazima kumapeto kwa sabata, jenereta inalibe mafuta, ndipo zonse zimene anasunga mufiriji zinawonongeka. Munthu ameneyu sankadandaula za malipiro. Bondi yake itatha anapita, ndipo sindimuimba mlandu.

Choncho chinthu choyamba kumenyera m'komiti ndi thumba la ndalama zoyambira, ngakhale zochepa, zimene wobwerera azigwiritsa ntchito yekha n'kupereka malisiti pambuyo pake, osadikira kuti pepala lizungulire maofesi asanu. Pamodzi ndi zimenezo, zaka ziwiri zoyamba aziphunzitsa theka la maola a anzake. Apa mudzakumana ndi mkangano, chifukwa amene anatsala akusenza makalasi onse pamene mnzawo anali kunja adzaona ngati kukondera, ndipo ali ndi mfundo. Njira yake ndi kulemba lamulo loti mwayi umenewu ndi wa aliyense womaliza PhD, kaya anaichitira kunja kaya kwanu komweko. Ndipo musamupatse wobwera kumene udindo wa mkulu wa dipatimenti. Timakonda kutero poganiza kuti tikumulemekeza, koma misonkhano imamudya, ndipo pakatha zaka zitatu osasindikiza kanthu palibenso wopereka ndalama za kafukufuku amene angamuyang'ane.

Mayiko amene anabwezadi anthu awo anayamba ndi malo ogwirira ntchito. South Korea inatsegula KIST, bungwe la kafukufuku wa sayansi ndi ukadaulo, mu 1966, n'kupita kukaitana asayansi ake ku America ndi lonjezo la labu, nyumba, malipiro abwino ndi ufulu woyendetsa kafukufuku wawo. Taiwan inatsegula Hsinchu Science Park mu 1980, ndipo mainjiniya amene anali ku Silicon Valley anayamba kubwerera chifukwa tsopano kunali makampani ofuna luso lawo. China inayambitsa Thousand Talents, pulogalamu yokopa akatswiri amene ali kunja, mu 2008, ndipo kafukufuku amene anatuluka m'magazini ya Science mu 2023 anapeza kuti achinyamata amene anabwerera kudzera m'nthambi ya pulogalamuyi anasindikiza zambiri kuposa anzawo otsala kunja, makamaka chifukwa anapatsidwa ndalama ndi magulu awoawo a ofufuza. Inu mulibe chuma cha boma la China, n'zoona. Koma mfundo ya gulu mungathe kuitsatira. M'malo motumiza anthu asanu ku nthambi zisanu zosiyana, tumizani atatu ku nthambi zoyandikana kuti akabwera azigawana labu imodzi, tekinishani mmodzi ndi ophunzira. Tekinishani ameneyo musamuiwale mu bajeti, chifukwa makina okwera mtengo amafa msanga popanda wowasamalira.

Ganiziraninso za kaphunzitsidwe kamene. Munthu akakhala kunja zaka zisanu zotsatizana, ana amayamba sukulu komweko, mwamuna kapena mkazi wake amapeza ntchito, ndipo kubwerera sikukhalanso chisankho cha munthu mmodzi. Ndi chifukwa chake a Sida, bungwe la boma la Sweden lothandiza chitukuko, akhala akuthandiza PhD yoti wophunzira azikhala miyezi ina kunja, ina kwawo, funso la kafukufuku likhale lochokera kwawo. CARTA, mgwirizano wa mayunivesite ophunzitsa PhD umene unayamba mu 2008, imalembetsa ophunzira m'mayunivesite a mu Africa momwemo, ndipo imapereka thandizo loyambira akamaliza. Ngati mukusayina mgwirizano watsopano ndi yunivesite ya kunja, pemphani dongosolo lotere.

Ndalama zina zilipo kunja kwa bajeti yanu, ndipo wobwerera aziyamba kuzifunsira asanakwere ndege. TWAS, bungwe la padziko lonse la asayansi, imapereka thandizo logulira zipangizo ndi mankhwala a mu labu kwa asayansi a m'mayiko osauka. OWSD, bungwe la amayi asayansi, ili ndi thandizo la amayi amene angomaliza PhD, lofika madola 50,000. Pempho lotere limafuna kalata yochokera ku yunivesite yotsimikiza kuti munthuyo ali pa ntchito, ndiye kalata ya ntchito ndi giredi yake yatsopano zituluke iye akadali kunja. Palibe chimene chimafoola munthu ngati kubwera ndi PhD n'kukhala chaka chathunthu akulandira malipiro akale podikira kuti komiti yokweza anthu ikumane.

Tsono za amene sadzabwerera, chifukwa ena sadzabwerera ngakhale mutachita zonsezi. Musawatche othawa. Carnegie African Diaspora Fellowship Program, imene inayamba mu 2013 potsatira kafukufuku wa Paul Tiyambe Zeleza, katswiri wa mbiri yakale wa ku Malawi, yakhala ikulipira akatswiri obadwira mu Africa amene ali ku America ndi Canada kuti akagwire ntchito pa yunivesite ya mu Africa kwa masiku 14 mpaka 90, ndipo pempho limachokera ku yunivesite yolandira. Yakhala ikugwira m'mayiko owerengeka okha, ndiye onani kaye ngati ikadalipo ndiponso ngati lanu lilimo, koma ngakhale lisakhalemo, njira yake mungaitengere. Munthu wotero angayang'anire ophunzira anu a Masters pa intaneti, angalembe nanu pempho la ndalama, angalandire wophunzira wanu mu labu yake kwa miyezi itatu. Mungalembenso kuti ntchito zimenezi zizichotsera gawo la ngongole ya bondi, m'malo mothamangira kukhoti.

Musanalembe lipoti, lemberani aliyense amene sanabwerere, inuyo mwini, osati kudzera ku ofesi ya zamalamulo. Kalata yoyamba isatchule chindapusa. Mufunse chimene akugwira panopa, makina ati amene angafune kuti apitirize ntchitoyo kwanu, ndi ngati angalole kuyang'anira wophunzira mmodzi chaka chikubwerachi. Kenako khalani pansi ndi amene anabwerera, mmodzimmodzi, akuluakulu palibe, akuuzeni pepala liti linawachedwetsa ndi ofesi iti. Mayankho amenewo muwaike pa tsamba loyamba la lipoti lanu, nkhani ya bondi ibwere kumapeto.