Chimbale cha chikuto cha olenji, ndi ulendo umene unagwetsa woimba ng'oma

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wokonda nyimbo za gulu la R.E.M. Ndadulako moni ndi zina, koma mtima wa kalata yawo ndi uwu:

"Ndakhala ndikumvera Automatic for the People kwa zaka zambiri, ndipo ndi chimbale chimene chimandikhazika mtima pansi. Tsiku lina ndinagula Monster, chimene chinabwera pambuyo pake, ndili ndi chiyembekezo choti ndipezamo zomwezo. Phokoso lokhalokha! Kenako ndinamva kuti chimbale chaphokosochi ndiye anazungulira nacho dziko chaka chathunthu, pamene zokoma zija sanayende nazo n'komwe. Kodi mitu yawo inkayenda bwino? Nanga gulu loti likugulitsa kale zimbale mamiliyoni limadzivutitsiranji ndi maulendo?"

Mayi, mwafunsa mafunso awiri, koma yankho lake ndi limodzi. Monster ikusokosa chifukwa cha ulendowo. Anyamatawa anayamba agwirizana zoti abwerere pamsewu, kenako n'kupeka nyimbo zoti akayende nazo. Ambiri timaganiza kuti chimbale ndiye chimabala ulendo, koma apa ulendo ndi umene unabala chimbale.

Tibwerere m'mbuyo pang'ono. R.E.M. inayamba mu 1980 mumzinda wa Athens, ku Georgia, m'dziko la America. Anali anayi: Michael Stipe pa mawu, Peter Buck pa gitala, Mike Mills pa besi ndi Bill Berry pa ng'oma. Zaka za m'ma 1980 anazithera pamsewu, poyamba ali thithikiti m'kagalimoto kamodzi ndi zida zawo, kuimba m'mabala ndi m'maholo a m'makoleji. Dzina lawo linakula choncho, mzinda ndi mzinda. Atasaina ndi kampani ya Warner Bros. n'kutulutsa chimbale cha Green mu 1988, anayenda pafupifupi chaka chonse cha 1989, ndipo pobwera anali atatheratu. Anati basi, tipume kaye.

Kupuma kumeneko ndi kumene kunakupatsani nyimbo zimene mumakondazo. Munthu amene sakuganiza za siteji amapeka mosiyana. Buck anatsamiritsa gitala yamagetsi pakona n'kutola mandolini, kachida kakang'ono ka mawu opyapyala, ndipo Out of Time ya 1991 inawapatsa mphoto zitatu za Grammy. Automatic for the People ya 1992 inafatsa kuposa pamenepo: piyano, mavayolini amene John Paul Jones wa gulu la Led Zeppelin anawakonzera pa nyimbo zingapo, ndi mawu okamba za imfa ndi ukalamba. Ndiye taganizani kutenga nyimbo zoterozo kupita nazo m'bwalo la anthu zikwizikwi, ena ali kutali moti woimbayo akumuona ngati nyerere, ena ali pamzere wa mowa. Ziwiri kapena zitatu zikhoza kuwagwira mtima, inde, koma maola awiri athunthu? Anthu angayambe kucheza zawo.

Amene anakakamira kwambiri zobwerera pamsewu anali Berry, woimba ng'oma uja, ndipo ankafuna kuti chimbale chotsatira chikhale cha magitala olira. Musaiwale dzina limeneli. Pojambula, mu 1994, wowongolera ntchito yojambulayo, Scott Litt, anawaika m'chinyumba china ku Atlanta n'kuwayalira zinthu ngati ali pa shoo yeniyeni: masipika akuluakulu, timasipika toyang'ana oimba, aliyense ataimirira. Cholinga chinali choti thupi likumbukire ntchito imene linasiya zaka zisanu zapitazo. Kunjenjemera kwa gitala kumene mukukumva m'nyimbo zambiri za m'chimbalechi, ngati wina akutsegula ndi kutseka chitseko mofulumira, n'kwadala. Ndi mawu oti adzaze chinyumba chachikulu. Mukamvera muli nokha usiku, ndi mahedifoni, zimamveka ngati munthu akukukalipirani m'khutu, ndipo sindikukuimbani mlandu kuti munakhumudwa.

Si inu nokha. Chimbalechi chitatuluka mu Seputembala 1994 chinafika pa nambala wani ku America ndi ku Britain, koma patapita zaka anthu anayamba kuseka kuti mukalowa m'sitolo iliyonse yogulitsa ma CD akale, chikuto chake cha olenji chokhala ndi mutu wa chimbalangondo simungachisowe. Ambiri anagula akuyembekezera zomwe inu munkayembekezera.

Tsono ulendowo. Unayamba mu Januwale 1995 ku Perth, ku Australia. Kuyambira kumeneko sikunali kongolota. Januwale ku Australia ndi nyengo yotentha, pamene ku Ulaya ndi ku America kumakhala chisanu. Okonza maulendo otere amatsata dzuwa: miyezi yozizira ku Ulaya amaimba m'maholo otsekedwa, mabwalo apamtetete amawasungira Juni ndi Julayi. N'chifukwa chake R.E.M. inakaimba ku Slane Castle ku Ireland mu Julayi, pabwalo lapamtetete, gulu la Oasis lili pakati pa oimba otsegulira shoo. Ndipo tikamati "gulu likuyenda", musaone anthu anayi okha. Pasiteji anawonjezera oimba awiri, Scott McCaughey ndi Nathan December, kuti phokoso likwane. Kuseri kumakhala khamu: onyamula zida, oyang'anira magetsi, osakaniza mawu, ophika, madalaivala a mathiraki. Amenewa amafika m'mamawa kumanga siteji, masana oimba amabwera kudzayesa zida m'holo mopanda anthu, usiku shoo, ndipo inu mukamafika kunyumba iwo amakhala akumasula zonse kuti thiraki igone pamsewu. Onsewa amalipidwa ngakhale tsiku limene gulu silikuimba. Ulendo ukaima, ndalama siziima kutuluka.

Ndipo unaimadi. Pa 1 Malichi 1995, ku Lausanne m'dziko la Switzerland, shoo ili mkati, Berry anamva mutu kuwawa koopsa n'kugwa. Mtsempha wamagazi wa mu ubongo unali utaphulika. Woimba ng'oma wa Grant Lee Buffalo, gulu limene linkatsegulira, ndi amene anakhala pampando wake kuti amalize usikuwo. Madokotala a ku Lausanne anamuchita opaleshoni ndipo anachira. Ine ndikaganiza zimenezi ndimazizidwa: munthu yemwe analirira ulendowu kuposa anzake onse ndi amene unayamba kumugwetsa. Walira mvula walira matope, akuluakulu anatero, ngakhale kuti nthenda yotereyi ikanatha kumupeza ali khale pakhomo pake. Chimene ulendo unachita ndi kusankha malo ndi mboni.

Mashoo otsala a ku Ulaya anaimitsidwa, ndipo gulu linayambiranso mu Meyi ku America, Berry ali pa ng'oma zake. Mu Julayi Mills anamuchita opaleshoni ya m'matumbo. Mu Ogasiti inali nthawi ya Stipe, opaleshoni ya hernia, ija thumbo limakankha n'kutulukira pamene minofu ya pamimba yafooka. Mwa anthu anayi, atatu anagona pa tebulo la dokotala m'miyezi isanu ndi umodzi. Buck yekha ndiye anapulumuka mpeni. Komabe anaukoka ulendowo mpaka Novembala, n'kukaumalizira kwawo ku Georgia, mumzinda wa Atlanta.

Ndiye ankavutikiranji? Ndalama zinalipo, tisanamizane. Ulendowo unadzaza maholo. Koma masiku amenewo chuma chenicheni cha gulu lalikulu chinali m'zimbale, ndipo R.E.M. inali itasonyeza kale kuti ikhoza kugulitsa mamiliyoni osatuluka pakhomo. Lero zinatembenuka. Nyimbo timamvera pa Spotify ndi YouTube, kumene woimba amatola tochepa pa nyimbo iliyonse, ndiye chimbale chasanduka ngati chikwangwani choitanira anthu ku matikiti. Gulu la masiku ano likanena kuti siliyenda ndi zimbale ziwiri zotsatizana, oyang'anira ndalama zake angadwale. R.E.M. inali ndi ufulu wokhala pansi, ndipo inasankha kuimirira. Ine ndimaona kuti ankaopa kusanduka anthu anayi ongokumana ku situdiyo ngati ogwira ntchito mu ofesi imodzi. Gulu limene linakulira pamsewu limadzidziwa lokha likamaimba pamaso pa anthu.

Pali chinanso chimene ulendo umachita, chimene chimbale sichingathe: umalera ena. Gulu la Radiohead, limene linali litangotulutsa chimbale cha The Bends mu Malichi 1995, linatsegulira R.E.M. mashoo angapo chaka chimenecho. Thom Yorke, woimba wa Radiohead, anaona ndi maso ake mmene munthu amaimira pamaso pa chikhamu chotero osadzitaya, ndipo iye ndi Stipe anakhala mabwenzi. Patapita zaka zochepa, ulendo wa chimbale cha Radiohead cha OK Computer utamupanikiza Yorke, Stipe ndi amene anamulangiza kuti zikamuchulukira azidziuza mumtima kuti iye palibepo, zimene zikuchitikazo sizikuchitika. Malangizowo anadzalowa m'nyimbo ina ya pa chimbale cha Radiohead cha Kid A mu 2000. Gulu la magitala aphokoso la Sonic Youth nalonso linatsegulirako ulendo wa Monster, zimene zikukuuzani mtundu wa phokoso limene R.E.M. inkafuna kukhala nalo pafupi chaka chimenecho.

Koma chimene ndikufuna mutenge, mayi, ndi ichi. Paulendowo ankayenda ndi makina ojambulira mawu. Nthawi ija ya masana yoyesa zida, m'holo muli mipando yokhayokha ndi anthu osesa, iwo ankaimba nyimbo zatsopano n'kumazijambula, zina n'kuzijambula pa shoo penipeni. Zimenezo ndi zimene zinapanga mbali yaikulu ya New Adventures in Hi-Fi, chimene chinatuluka mu Seputembala 1996. Kwa ine, ndipo ndikudziwa kuti ena andinena, chimenechi chimaposa Monster kutalitali. Muli phokoso, koma ndi phokoso la anthu otopa amene aona mnzawo akugwa n'kudzukanso, ndipo muli nyimbo zofatsa zimene khutu lanu lozolowera Automatic lizilandira msanga. Mukamvetsera bwino mumva kukula kwa chipindacho kuseri kwa ng'oma. Yambirani pamenepo, kenako mubwerere ku Monster. Ndipo pobwererapo musavale mahedifoni. Tsegulani pa sipika, mukweze, muimirire ngati mmene Litt anawaimikira.

Chaka chomwecho cha 1996 anasainanso ndi Warner Bros. mgwirizano umene manyuzipepala anati unali wa madola 80 miliyoni, umodzi mwa ikuluikulu ya nthawi imeneyo. Berry sanakhalitse kuti adye nawo mpaka kumapeto. Mu Okutobala 1997 anauza anzake kuti akusiya, koma anaika mfundo yoti achoka pokhapokha iwo atalonjeza kuti gulu lipitirira. Analonjeza, ndipo atatuwo anaimba mpaka 2011. Iye anapita kukalima pafamu yake kufupi ndi Athens. New Adventures in Hi-Fi ndi chimbale chomaliza cha nyimbo zatsopano chimene mudzamvemo ng'oma zake.