Nsima sikana kamera, achemwali

Achemwali ena a ku Kamwendo, ku Mchinji, anditumizira imelo. Amajambula maukwati, tsopano akufuna kuyamba kujambula zakudya, koma akuti nsima ndi ndiwo zathu sizituluka bwino pachithunzi, ndiye mwina ayambe ndi makeke. Mawu amenewa andiwawa.

Ine ndinayambira pa zithunzi za ziphaso ndi zinkhoswe kuno pa Kasungu boma. Alimi akamagulitsa fodya ku Chinkhoma ntchito imachuluka, msika ukatsekedwa kumangoti zii. M'miyezi yowuma yotero mayi wina wa lesitilanti anandipempha zithunzi zoti aziika pa Facebook ndi pa WhatsApp. Anaphika nsima, nkhwani wotendera ndi nkhuku ya lokolo. Mwana wawo anabwera ndi mbale zagalasi zobwereka, mafoloko, ndi tomato wosemedwa ngati duwa, ati zioneke zachizungu. Ndinakana. Ndinapempha mbale zomwe makasitomala amadyeramo tsiku ndi tsiku, chipande chawo chakale, ndi mphasa. Anthu ataona zithunzizo sankafunsa za kamera, ankafunsa kuti malo amenewa ali pati. Kuchokera pamenepo ophika mandasi, zitumbuwa ndi a chiwaya anayamba kundiitana.

Amene amati nsima sioneka bwino sanaiyang'anitsitse. Mtanda woomoledwa ndi dzanja lodziwa umakhala wosalala, wonyezimira, nthunzi ili tolotolo. Chimene chimaupha pachithunzi ndi flash, kuwala kothwanima kwa kamera kuja, osati ufa. Ndipo ndikanitsitsa: chakudya chathu chisamavekedwe zovala za eni kuti chiloledwe pachithunzi.

Komanso inu achemwali muli kwawo kwa mtedza! Tengani CG7 wofiira uja, muthire m'lichero pambali pa Chalimbana wanjere zikuluzikulu, wotuwirako, muone mitundu yake. Amayi ambiri amakondabe Chalimbana pa nsinjiro chifukwa CG7 ndi wamafuta kwambiri. Nkhani ngati imeneyi wojambula zakudya aziidziwa, pakuti ndi imene imamuuza choika pafupi ndi mbale. Futali, chigwada, thobwa m'chikho, ngumbi mvula yoyamba ikagwa, zonsezi zikudikira munthu woti azijambule mwaulemu.

Zoti muchite

Foni yomwe muli nayo ikukwana poyambira. Zimitsani flash, ikani mbale pafupi ndi zenera kapena pakhonde m'mawa, kuwala kuchokere m'mbali. Mbali inayo imikani pepala loyera kuti mthunzi uchepe. Dinani pa nsima pasikirini kuti foni iyeze kuwala pamenepo, apo ayi idzangotuluka mbuu. Nthunzi imaoneka kumbuyo kukakhala kodera. Yalani zonse nsima isanaomoledwe, chifukwa ikangozizira imauma pamwamba. Mtengo gwirizanani ndi mwini lesitilanti musanatulutse foni, ndipo akakupatsani chakudya mudye, koma ndalama yanu alipirebe.