Ku Nyungwe ndi ana: musalipire kaye, mverani zomwe zinationekera

Asisi, ndaona zomwe mwalemba zoti mukufuna kupita ndi ana ku Nyungwe, nkhalango ya ku Rwanda, ndipo pali munthu amene akukukonzerani ulendo. Ndalama akufunayo musatumize kaye chonde. Nditangoona kuti ana anu ndi a zaka 7 ndi 11, ndipo munthuyo wakuuzani kuti nonse mukaona ma chimpanzee, mtima wanga wagunda ngati ndabwereranso m'matope aja. Mawu ake ndi omwewo amene tinauzidwa ife.

Ife tinapita pa holide ya Pasaka, ine, bambo a kunyumba ndi ana awiri, wamkulu wa zaka 17 ndi chitsiriza changa wa zaka 9. Ndalama tinasunga zaka ziwiri, ya banki m'khonde yanga yonse inalowa mmenemo. Amene anatikonzera ulendo ndi mnyamata wina yemwe tinamupeza pa WhatsApp kudzera mwa mnzathu, wolankhula bwino, "amayi" pano "amayi" apo. Ndinamufunsa kawiri, ndinati mwanayu ndi wamng'ono, akamulola? Iye anati musadandaule, kumeneko ndimadziwana nawo. Mauthengawo ndikadali nawo mufoni mpaka lero.

Kuchoka ku Kigali kukafika ku Nyungwe ndi maola asanu kapena asanu ndi limodzi, msewu wa tala wabwino koma wokhotakhota kuposa wa ku Golomoti. Wamng'ono anasanza kawiri. Tinagona ku Gisakura, pakati pa minda ya tiyi, mungaganize kuti muli ku Thyolo. Ndipo kumazizira, abale! Munthu ukamva kuti nkhalango ya mvula umaganiza za kutentha, koma Nyungwe ili pamwamba, malo ena amapitirira mamita 2,500. Ife tinanyamula zovala za kunyanja.

Tsiku la ma chimpanzee tinadzuka 3 koloko usiku, chifukwa gulu lomwe tinkapita kukaona lili ku Cyamudongo, kankhalango kena kapadera, ndipo umayenera kufika zisanachoke pomwe zagona. Mwana wanga sanagone n'komwe. Anavala jombo zake zatsopano madzulo, anagona nazo pabedi. Miyezi itatu yonse ankauza anzake kusukulu, anajambula chimpanzee kuseri kwa kope lake la masamu. Tinafika kudakali mdima, mvula ikuwaza, chifunga chili tolo. Mlonda wa nkhalango anatiunika ndi tochi mmodzimmodzi, atafika pa mwanayo anaima. Anafunsa zaka. Mwana anayankha yekha monyadira, "nine". Bamboyo anagwada pansi kuti alingane naye, n'kumuuza mofatsa kuti sangalowe, zaka zake sizinakwane. Kenako anayang'ana pa ndandanda wake, mayina athu analipo awiri okha. Awiri! Ife tinalipira anthu anayi. Ndiye kuti mnyamata uja ankadziwa bwinobwino kuti mwana sadzaloledwa, sanamugulire n'komwe chilolezo, ndipo changa anachidyeranso limodzi poganiza kuti ndine ndidzatsale naye.

Ndinamuimbira pomwepo. Foni inaitana kawiri, kachitatu inali yothima. Bambo a kunyumba anati tonse tibwerere, ine ndinakana, ndinati lowani ndi wamkuluyo, ziwiri zokhazo zisapite pachabe. Ananyamuka ndi ndodo zawo, matochi akuzimirira m'mitengo. Mwana wanga sanalire mokuwa ayi, bola akanatero. Anangokhala pa chitsa, n'kuyamba kuvula jombo zija, imodzi, kenako inayo, n'kuziika pambali bwinobwino ngati akubweza kwa mwini wake. Masokosi ananyowa nthawi yomweyo. Ndikumuuza kuti valanso, iye anangoti, "Amama, ndikanena chiyani kusukulu?" Ndipo tili chikhalire choncho, kutangoyamba kuyera, tinamva ma chimpanzee akukuwa kumunsi kwa chigwa, phokoso lalikulu lokwera pang'onopang'ono mpaka nkhalango yonse kuyankha. Anali pafupi, koma osaoneka. Apo m'pamene misozi inayamba. Ngati zimenezo sizinakwane, linthumbu linali litadutsa pafupi ndi chitsa chija, linamukwera m'miyendo mpaka ndinachita kumuvula buluku pamvula pomwepo, ndikuthothola limodzilimodzi, iye akunjenjemera. Sindidzaiwala.

Alonda aja sindiwada ngakhale pang'ono. Lamulo lake lili ndi chifukwa: nyama zimenezi zimatenga matenda athu, chimfine chomwe mwana amachira pa masiku atatu chikhoza kuzipha, ndipo njira yake ndi yotsetsereka, yoterera, nthawi zina mumathamanga kuzitsatira. Ngakhale munthu wamkulu akakhala ndi chifuwa amamubweza. Kwa ma gorilla ku paki ya Volcanoes nakonso wosakwana zaka 15 salowa, mulire musalire. Amene ndimamuda ndi dobadoba uja. Munthu wotani amene amayang'ana chithunzi cha mwana, chifukwa ndinamutumizira mapasipoti onse ndi tsiku lobadwa lili poyera, n'kulandira ndalama? Titabwerako anayamba nyimbo, mawa amayi, sabata ya mawa, akaunti yavuta, kenako anandibuloka. Ndikumva akadali kutsatsa maulendo m'magulu ena. Kutidyera masuku pamutu chonchi chifukwa choti ndife alendo sitidziwa malamulo a kwa eni ake. Mulungu amuone.

Amene anatipulumutsa ndi dalaivala, bambo wachikulire wa konko. Anatilowetsa m'galimoto, anayatsa chotenthetsera, anapatsa mwana tiyi wa mu fulasiki yake. Masana ake anati tiyeni ku Uwinka. Kumeneko kuli mlatho wolenjekeka pamwamba pa mitengo, mamita 160 kutalika kwake, ndipo pakati pake pansi pali mamita 70. Kumeneko mwana anamulola. Ine miyendo inkanjenjemera, ndinagwira zingwe manja onse awiri, iye ali patsogolo akundiitana. Mawa lake tinaona anyani a colobus pafupi ndi minda ya tiyi ku Gisakura, akuda ndi ubweya woyera wautali m'mapewa, akudumpha pamwamba pa mitu yathu, wina atanyamula kamwana koyera mbuu. Nkhalango imeneyi ili ndi mitundu 13 ya anyani, chimpanzee ndi mtundu umodzi chabe. Pobwerera tinaima ku Nyanza, kunyumba ya mfumu yakale, kumene kuli ng'ombe za inyambo za nyanga zazitali kuposa mkono wa munthu, ndipo woweta amaziimbira nyimbo izo n'kuima phee kumvetsera. Mwana anafunsa ngati angaigwire, anamulola. Ku Huye kulinso nyumba yosungira za chikhalidwe, koma tinafika titatopa, tinangozungulira mwachangu.

Ndiye asisi, langizo langa: musadalire munthu wapakati, lembelani a paki eni ake. Nyungwe kuyambira 2020 akuyendetsa ndi African Parks, omwe aja a ku Majete, Liwonde ndi Nkhotakota, ndipo amayankha. Afunseni zaka zovomerezeka pa chilichonse, ndipo chilolezo chilichonse muchione ndi maso, dzina la munthu aliyense lilembedwe. Komabe musapite opanda munthu wa konko, ife popanda dalaivala uja tikanangokhala m'chipinda kulira. Mungomupeza kudzera pamalo pomwe mukagone, ndipo mumulipire mukamuona nkhope. Pitani mu Ogasiti ana akatsekera, mvula imachepako kuyambira Juni mpaka Seputembala, ngakhale m'nkhalangomo imagwa tsiku lomwe yafuna. Majuzi, majekete a mvula, masokosi aatali oti mulowetsemo buluku chifukwa cha linthumbu. Majumbo a pulasitiki asiyeni kunyumba, ku Rwanda analetsa kalekale mu 2008. Loweruka lomaliza la mwezi musakonze ulendo wam'mawa, ndi tsiku la umuganda, anthu onse amakhala pa ntchito yachitukuko mpaka cha m'ma 11.

Kunena zoona ndikanati dikirani ana akule, ndalama zake ndi zambiri kuti mukaone theka. Koma ayi, atengeni, a zaka zimenezo ndi amene amasangalala kwambiri. Mungowauza zoona musananyamuke, kuti ma chimpanzee akaona akadzakula. Wanga uja chithunzi cha pa mlatho anachimata pakhoma, koma tsamba lija la kope la masamu analing'amba tili m'ndege, ndipo mpaka pano nkhani ya Cyamudongo safuna kuti itchulidwe pakhomo.