Musathamangire kumanganso kernel, achimwene

Achimwene, mwati muli ndi disiki ya 4TB pa seva ya Ubuntu mu ofesi yanu ku Area 47, mukufuna makompyuta asanu aziigwiritsa ntchito kudzera pa iSCSI (njira yoperekera disiki kwa kompyuta ina pa netiweki), ndipo wina wakuuzani kuti muyambe ndi make menuconfig, ndiko kuti kumanganso kernel, mtima wa Linux. Dikirani kaye. Kernel ya Ubuntu imabwera nazo kale zonsezi. Lembani grep TARGET /boot/config-$(uname -r). Mukaona CONFIG_TARGET_CORE=m ndi CONFIG_ISCSI_TARGET=m, ndiye kuti zilimo ngati module (tizigawo ta kernel), zikungodikira kuti muziyatse ndi lamulo la modprobe. Pa makompyuta olandira mufunika CONFIG_ISCSI_TCP, ya NBD (njira ina yofanana ndi iSCSI) ndi CONFIG_BLK_DEV_NBD. LIO, gawo la kernel lomwe limapereka disiki kudzera pa iSCSI, inalowa mu kernel m'chaka cha 2011, ndiye palibe chifukwa chogonera mu ofesi kudikira compile. Ikani targetcli-fb pa seva, open-iscsi kwa olandira a Linux, basi.

Koma chomwe chandidetsa nkhawa m'funso lanu si kernel ayi, ndi mawu oti "makompyuta asanu". iSCSI ndi NBD sizigawa mafayilo, zimapereka disiki yonse yaiwisi, ngati mwaichotsa mu seva n'kuilumikiza pa kompyuta inayo ndi chingwe. Tsono filesystem (dongosolo losanjira mafayilo pa disiki) monga ext4, ngakhalenso NTFS, imaganiza kuti ili yokha pa disikipo. Kompyuta iliyonse imasunga mu RAM mwake chithunzi cha malo omwe ali opanda kanthu, ndipo siifunsa inzake isanalembe. Zili ngati anthu awiri akulemba m'kope limodzi la ngongole pa golosale, aliyense atatsinzina. Tsiku loyamba zimaoneka kuti zikuyenda, ndipo apa m'pomwe anthu amanamizika. Ine zinandionekera pa kaofesi kena ku Area 3: makompyuta awiri okha, sabata isanathe fsck, pulogalamu yokonza disiki, inatitayira mafayilo mu foda ya lost+found, mayina onse atasanduka manambala. Mayi a maakaunti sanandiyankhe moni mwezi wonse.

Alipo mafilesystem opangidwira zimenezi, GFS2 ndi OCFS2, koma amafuna cluster yathunthu (makompyuta ogwira ntchito mogwirizana) yokhala ndi lock manager, yoonetsetsa kuti awiri asalembe malo amodzi nthawi imodzi. Pa makompyuta asanu n'kudzivutitsa chabe.

Ngati cholinga n'chakuti anthu azitsegula mafoda amodzimodzi, tengani NFS kapena Samba, zomwe zimagawa mafayilo pa netiweki. Apa seva yokha ndiyo imakhudza disiki, ena onse amapempha kwa iyo. NFS imadalira CONFIG_NFSD, yomwenso ilimo kale: ikani nfs-kernel-server, lembani foda mu /etc/exports, tsegulani port 2049. Samba siifuna n'komwe kusintha kernel. iSCSI isungireni pomwe LUN imodzi (disiki imodzi yoperekedwa ndi seva) ikupita kwa kompyuta imodzi, monga disiki ya virtual machine. Mukatero ikani CHAP (dzina ndi mawu achinsinsi olowera), ndipo port 3260 isaonekere pa intaneti.

Kwatsala nkhani ya magetsi, mukudziwa nokha mmene amathimira kuno. Mukapanga backstore ya fileio (fayilo ya pa seva yoperekedwa ngati disiki) mu targetcli, ikani write_back=false, apo ayi seva imavomera kuti yalemba pomwe zinthu zikadali mu RAM, magetsi akapita zapita nawo. UPS ikhale pa seva ndi pa switch pomwe, osati seva yokha. Mu /etc/fstab ya olandira musaiwale _netdev, kuopa kuti kompyuta ingaime pa boot kufunafuna disiki netiweki isanadzuke.

Tandiuzani, makompyuta asanuwo ndi a Windows kapena Linux? Ngati ndi Windows, ndikutumizirani smb.conf, fayilo yokonzera Samba, ya mizere yochepa madzulo ano ndikaweruka.