Kaisara ankaopa chiyani kwa anthu opanda lupanga?

Mayi wina wanditumizira imelo sabata yathayi. Akufunsa kuti: Aroma ankalola milungu yamitundumitundu, ngakhale yochokera ku Egypt, nanga Akhristu anawalakwira chiyani kuti azichita kuwapha?

Mayi, zimene munthu ankakhulupirira mumtima mwake boma la Roma linalibe nazo ntchito kwenikweni. Linkafuna kuti uonetse pamaso pa anthu kuti ndiwe wa Kaisara.

Cha m'ma 112, Pliny, bwanamkubwa wa chigawo cha Bithynia, analembera mfumu Trajan mmene ankazengera milandu yotere. Wovomera kuti ndi Mkhristu ankamufunsa mpaka katatu, akakakamirabe n'kumupha. Wokana ankamuikira patsogolo fano la mfumu, lubani ndi vinyo. Fukiza, thira, tukwana Khristu, uzipita kwanu. Kalubani kongotsina ndi zala, basi! Pliny analemba yekha kuti kaya chikhulupirirocho n'chotani, liuma lokhalo linali loyenera chilango.

Mu 250 mfumu Decius inalamula kuti aliyense apereke nsembe ndipo alandire kachikalata kotsimikizira, kosainidwa ndi oyang'anira. Timakalata totere toposa 40 tinapezeka ku Egypt. Amene mukukumbukira zimene zinkaonekera a Mboni za Yehova kwathu kuno pokana khadi la chipani, apa simufunika wokumasulirani.

Fabian, bishopu wa ku Roma, anafa chizunzocho chitangoyamba, ndipo mpando wake unakhala wopanda munthu kupitirira chaka. Cyprian, bishopu wa ku Carthage, analemba kuti Decius akanalolera kumva zoti kwadzuka wina womulimbirira ufumu kusiyana ndi kumva zoti ku Roma asankha bishopu watsopano. Mwina Cyprian anathirako mchere, poti naye anali bishopu. Koma taonani zimene Cornelius, wolowa m'malo mwa Fabian, anawerenga mu mpingo wakewo: ansembe 46, madikoni 7, amasiye ndi ovutika oposa 1,500 odyetsedwa ndi mpingo. Gulu lokhala ndi thumba lakelake, atsogoleri odzisankhira lokha, makalata oyenda kuchokera ku Africa mpaka ku Asia osadutsa m'manja mwa boma, ndiponso Ambuye wina amene si Kaisara. Ine ndimaona kuti mantha enieni anagona pamenepa. Trajan yemweyo anakaniza Pliny kukhazikitsa ngakhale gulu la ozimitsa moto ku Nicomedia, poopa kuti lingasanduke la ndale.

Mfumu Diocletian inayesanso kuthana ndi Akhristu mwankhanza mu 303, osaphula kanthu. Mu 313 mfumu Constantine inapereka ufulu wachipembedzo, koma kulimbana kwa boma ndi mpingo sikunathere pomwepo. Mu 390, asilikali a mfumu Theodosius atapha anthu ambirimbiri ku Thessalonica, bishopu Ambrose wa ku Milan anailembera kalata kuti sadzapereka nsembe ya Misa iyo ili m'tchalitchi mpaka italapa. Theodosius anavula zovala zachifumu n'kulapa anthu akuona.